Funsani Malume: Nyimbo ya chigoli ndi zina za kanema

Makalata a mwezi uno andipeza pakhonde pano pa Kamuzu Road thukuta lili kamukamu, Salima atatentha monga amachitira mvula ikamayandikira. Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino: ndinayendetsa vidiyo sho zaka 11, kenako ndinagula masipika awiri ndi jenereta n'kuyamba kuyenda nazo m'maukwati ndi m'mabwalo a mpira. Sukulu ya zimenezi sindinaiponde. Zambiri ndinaziphunzira pochita manyazi pagulu.

Malume, ndine mnyamata wa ku Benga. Komiti ya bonanza kwathu kuno yandipatsa ntchito yoika nyimbo tsiku la fainolo. Mufulashi yanga muli nyimbo zoposa 600, amapiano, dancehall, zauzimu, zonse. Ndiyambe ndi iti? Makamaka ndikufuna nyimbo yoopsa yoika chigoli chikalowa.

Mphwanga, nyimbo 600 zija zisiye kaye. Tsikulo udzagwiritsa ntchito 12, ukachulutsa 15, ndipo ntchito yako yaikulu idzakhala yodziwa nthawi yotseka sipika.

Ndiyambe ndi ya chigoliyo, poti ndi imene inandionetsa zakuda. Chaka china anandiitana ku fainolo ya midzi iwiri kufupi ndi Chipoka, mphoto yake mbuzi ndi mayunifolomu. Ndinasanja masipika pangolo pansi pa mtengo wa mango, chala chili pabatani chidikirire. Chigawo chachiwiri chili mkati, palibe amene waona golo la mnzake, mnyamata wina wamiyendo yaitali anaumenya mpira, ukonde n'kugwedezeka. Ine osayang'ananso kwina, ndinatsegula nyimbo mpaka pothera voliyumu. Amayi anakhamukira m'bwalo zitenje zili m'mwamba, nthungululu zili pakamwa, ana akugubuduka pafumbi. Koma wothandizira woyimbira anali atakweza kalekale mbendera yake, kansalu kofiira komangirira kubango. Ofusayidi. Woyimbira akuliza wezulo masaya ali tuu, palibe womumva chifukwa cha ine. Anthu atazindikira kuti chigoli chakanidwa, mawu anali amodzi: "Ngakhale DJ waona kuti chalowa!" Mpira unaima theka la ola, mafumu akukambirana ndi komiti, ndipo mwala wina umene anaulingira woyimbira unatera pa sipika yanga yakumanzere. Mpaka lero imalira ngati ili ndi chimfine.

Choncho usayang'ane ukonde, yang'ana dzanja la woyimbira. Akaloza pakati pa bwalo, werenga mumtima mpaka kasanu, ndiye utsegule. Masekondi 20 akwana. Ndipo nyimbo ya chigoli ikhale imodzimodziyo kumatimu onse awiri. Ukaikira awa yothamanga, awo yozizira, kunyumba ukafika wapansi.

Ndiponso chigoli chenicheni sichifuna thandizo lako. Ukukumbukira pa 25 January 2022, Flames ikusewera ndi Morocco ku Yaoundé, pamene Gabadinho Mhango anaponya mpira uja kuchokera kutali, mphindi 7 zokha zitadutsa? Ine ndinali muholo ina kuno, anthu odzaza mpaka pakhomo. Phokoso limene linatuluka mmenemo, malata ankachita kunjenjemera. Ndikanatsegula nyimbo iliyonse panthawi imeneyo, ikanamveka ngati udzudzu. Tinagonja 2-1, inde, koma kukuwa kuja sindinakumvenso kwina.

Tsopano dongosolo la tsikulo. Oyamba kufika pabwalo si anyamata anzako ayi. Ndi azigogo, mafumu, amayi ogulitsa mandazi ndi thobwa, ndi ana. Apatse za Alleluya Band, za malemu Lucius Banda, za Giddes Chalamanda, motsitsa bwino kuti anthu azitha kupatsana moni. Amapiano ako asunge mpaka bwalo litadzaza.

Polowa matimu sankha nyimbo imodzi, ndipo uziika yomweyo chaka chilichonse. Nyimbo ija ya Champions League anaikonza Tony Britten mu 1992, kutengera nyimbo ya Handel ya mu 1727 imene amaimba polonga ufumu ku England. Anyamata a kabaza kuno mawu ake sawadziwa, koma ikangoyamba amasiya kasitomala panjira. Chimagwira ntchito ndi kubwerezabwereza. Ukapirira zaka zitatu, ana a ku Benga adzayamba kuimba nyimbo yako akamatuluka kukasewera mpira wachikulunga.

Mpira ukayamba, zimitsa. Osewera amafuna kumvana, goloboyi amafuna kukalipira otchinga kumbuyo ake. Komanso masapota amabwera ndi nyimbo zawo. Kwanu kuli amayi a chioda, kuli ng'oma, kuli anyamata opeka nyimbo pomwepo zonyogodola goloboyi wa timu ina. Sipika ikakhala ikubangula onsewo amakhala chete n'kumangoonerera, ndiye kuti wawalanda mpira wawo. Popumulira uli ndi mphindi 15: nyimbo zitatu, zotsalazo ndi za a komiti ndi mwana wosochera amene akufuna mayi ake. Zikafika pa mapenate, chotsa dzanja pamakina, likhale m'thumba.

Usanapite, mvetsera nyimbo iliyonse mpaka kumapeto, chifukwa zina zimayamba mwaulemu n'kudzatukwana pavesi yachitatu mfumu ili pampando wakutsogolo. Za chipani zisiye kunyumba ngakhale wogula mbuziyo akhale wandale. Ndipo kwanu ku Nkhotakota mzikiti sukhala patali: nthawi ya swala ikakwana, tsitsa usanauzidwe.

Malume, ndine mphunzitsi wamkazi ku Khombedza. Ndimakonda mafilimu ndipo ndikufuna kuyamba kulemba maganizo anga pa Facebook, koma ndikalemba zimangothera poti "filimuyi ili bho". Olemba enieni amayang'ana chiyani?

Aphunzitsi, "ili bho" ndi pamene aliyense amayambira. Funso lotsatira ndi lija mumafunsa ana m'kalasi: chifukwa chiyani?

Ine ndimaonera kawiri. Koyamba ndimangokhala ngati wina aliyense, mtedza uli m'manja. Kachiwiri ndimatenga kope, ndipo malo ena ndimatsinzina n'kungomvetsera. Mudzadabwa kuti zambiri zimene zinakugwirani mtima zinalowera kukhutu. Ku vidiyo sho kwanga ndinkaonetsa Jaws, filimu ya mu 1975 ya shaki yodya anthu. John Williams anaipangira kanyimbo ka manotsi awiri okha obwerezabwereza. Ana a ku Senga Bay, osambira m'nyanja tsiku ndi tsiku, odziwa bwino lomwe kuti m'nyanja yathu mulibe shaki, ankakweza miyendo pabenchi kanyimboko kakangoyamba, chilombocho chisanaoneke n'komwe. Mukalemba chinthu ngati chimenecho, owerenga adziwa kuti munalipodi.

Mafilimu athu ambiri amagwera pomwepa. Chithunzi chokongola, osewera akuyesetsa, koma mwera ukuwomba mumaikolofoni, jenereta ikulira kuseri, kenako nyimbo ya kiyibodi n'kukwera pamwamba pa mawu a munthu amene akulira maliro. Ena anatengera kumafilimu akale a ku Nigeria chizolowezi choika nyimbo yofotokoza nkhani yonse, moti woimbayo amakuuzani kuti mwamunayo ndi wachinyengo inu musanamuone akunyenga. Koma tisanene kuti Amalawi sitingathe. The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, imene inatuluka mu 2012, inapata mphoto ya nyimbo za mufilimu pa Africa Movie Academy Awards mu 2013. Nkhani yake ndi ya kunyanja konkuno, msodzi amene nsomba zikumuthera pamene alendo okaona malo akuchuluka. Ipezeni muionere ndi khutu.

Chachiwiri, musamatsanzire zolemba za anthu akunja. Inu muli ndi zimene iwo alibe. Tengani The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Wolemba wa ku London sangamve kuti Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimuyo n'kusewera ngati bambo wa mnyamatayo, chikumveka cha mlendo. Ife tinamva pa chiganizo choyamba, ndipo ena anathera pomwepo, kuseka basi. Ine ndimati kumeneko n'kuweruza kwaulesi. Nenani kuti lilime linamuvuta, n'zoona, koma munenenso kuti munthuyo anasankha kujambula filimuyo ku Malawi konkuno ndi kuphunzira chilankhulo chathu pamene akanatha kungoyankhula Chingerezi chokhachokha. Ndipo amene tinaiona njala ya 2002 ndi maso athu, malo aja pamene banja likugwirizana zodya kamodzi patsiku, sitinaseke. Mayi anga, amene ndinkaonera nawo, anadzuka n'kupita kukakhala panja. Zonse ziwirizo zilowe m'cholemba chanu, lilime ndi njala.

Mathero a filimu musaulule. Ndinali ndi kasitomala wina amene ankalipira kuonera filimu imodzi kanayi n'cholinga chongouza anzake kuti "uyu afa posachedwa". Ndinamuletsa kulowa, ndalama zake ndinazikana.

Chovuta kwambiri n'chakuti dziko lathu ndi laling'ono. Mukadzudzula filimu lero, mawa mukumana ndi woijambulayo pa depoti. Musanyoze munthu, nenani malo enieni: pamphindi yakutiyakuti mawu sakumveka, nkhani ya mlongo uja inangosowa osatsirizidwa. Wanzeru adzakwiya sabata imodzi, kenako adzakutumizirani filimu yake yotsatira.

Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa aja musawanyoze, alembeninso. Womasulira wabwino amapatsa msilikali wa ku China dzina la kwathu ndi mudzi wake womwe, holo yonse n'kufa ndi phwete. Woipa amalongolola osapuma, mpaka pamalo pamene mwini filimu anafuna kuti pakhale zii.

Malume, achinyamata a kumpingo kwathu kuno ku Nkhotakota boma ajambula filimu yaifupi ya moyo wa asodzi pogwiritsa ntchito foni. Akufuna kuikamo nyimbo ya woimba wina wotchuka amene anamwalira. Ine monga mayi wowayang'anira ndikuopa milandu. Kodi n'zololedwa?

Mayi, mwachita bwino kuopa. Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo woimba akamwalira umwiniwo sulowa naye m'manda, umatsala ndi abale ake kapena amene anawasiyira. Kubenetsa nyimbo pamsika sikukupatsani chilolezo choiika mufilimu. Lamulo lake ndi Copyright Act ya mu 2016, ndipo bungwe loona zimenezi ndi COSOMA, limene lili ku Lilongwe. Afunseni akuuzeni mwini nyimboyo ndi njira yopemphera, chilolezocho chikhale cholembedwa. Dziwaninso kuti YouTube ndi Facebook ali ndi makina ozindikira nyimbo za eni, ndipo amatha kutseka mawu a vidiyo yonse.

Koma ndikufunseni: filimu ya asodzi, ya ku Nkhotakota, ikufuniranji nyimbo ya mu situdiyo ya ku Blantyre? Atumeni anawo kugombe m'bandakucha ndi foni yomweyo, aikulunge kasokosi kuti mphepo isasokoneze. Akajambule nkhafi zikumenya madzi, alovi, anyamata ogwira ntchito m'bwato, akuitanizana pokoka khoka la chilimira, amayi akutsutsana mtengo wa usipa, mafunde akugunda bwato lopanda kanthu. Asodzi ali ndi nyimbo zawo zokokera khoka, apempheni bwinobwino, muwagulire sopo, mayina awo muwalembe kumapeto kwa filimu. Pamalo achisoni, kwaya yanu yomweyo ing'ung'udze pansipansi popanda kiyibodi. Mnyamata wa kiyibodi adzadandaula. Musamumvere.

Malume, ine ndine wachikulire, ndimakhala pafupi ndi vidiyo sho ku Lifuwu. N'chifukwa chiyani anthu inu mumaika sipika panja? Filimu ikuonetsedwa mkati, mfuti zikulira m'nyumba mwanga.

Bambo, ndagwira mwendo wanu, mlanduwu ndi wanganso. Sipika yapanja ija ndiyo chikwangwani chathu. Bolodi lolemba ndi choko amaliwerenga ndi ochepa, koma mwana akamva mfuti ali kumsika amathamangira kwa mayi ake kukapempha ndalama. Tsiku limene sipika yanga yapanja inapsa, mabenchi anakhala theka opanda anthu.

Pitani mukamuone mwini wakeyo masana, osati usiku mutakwiya. Mumupemphe zinthu ziwiri: sipikayo ayang'anitse kumsewu, ndipo ikakwana 8 koloko ailowetse mkati, poti amene amabwera usiku amakhala atadziwa kale chimene chikuonetsedwa. Akakana, nkhaniyo ipite kwa amfumu kapena ku komiti ya msika. Ine amene anandigonjetsa anali agogo ena oyandikana nane, amene sanapite kwa amfumu n'komwe. Ankangobwera ndi mpando wawo n'kukhala pakhomo pa sho yanga, kufunsa mwana aliyense wolowa kuti ndi mwana wa yani ndipo kusukulu wapitako lero. Patatha masiku atatu sipika ndinailowetsa ndekha.