Kodi abwana angadule ndalama ya TEVETA pa malipiro anu?

Bambo, mwati mumawotcherera zitsulo pa kampani ina ku Makata mumzinda wa Blantyre, ndipo mwezi uliwonse abwana akumakudulani kangachepe ponena kuti ndi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Kudulako n'kosemphana ndi malamulo.

Lamulo la maphunziro a ntchito zamanja la 1999, lomwe linakhazikitsa bungwe la TEVETA, linaika msonkhowu pa olemba ntchito, osati olembedwa. Kampani imawonkhetsa malipiro a antchito ake onse a chaka chapitacho, n'kupereka 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse kuchokera m'thumba mwake. Kuyambira mu 2015 amatolera ndi a MRA, bungwe lotolera misonkho. Ndalamazo ndi zimene zimathandiza kuti achinyamata aphunzire ukalipentala, zomangamanga kapena zamagetsi m'makoleji ngati Soche ku Limbe ndi Nasawa ku Zomba, ndipo kampani yopereka mokhulupirika imatha kupempha TEVETA kuithandiza pophunzitsa antchito ake. Amisiri akakhala odziwa ntchito, opindula ndi abwana omwewo, n'chifukwa chake katunduyu ndi wawo. Musasokoneze ndi PAYE (msonkho wa boma wa pa malipiro) kapena 5 kwacha pa 100 kwacha ya penshoni: zimenezo lamulo limalola kuti zichoke pa malipiro anu.

Yambani ndi mapepala. Lamulo la za ntchito la 2000 limati pomwe mukulandira malipiro, mupatsidwenso pepala losonyeza zonse zomwe zadulidwa. Ngati sakupatsani, lifunseni, ndipo musunge la mwezi uliwonse. Kenako alembereni abwana kalata yaulemu yowapempha kuti asiye kudula ndi kubweza zonse zomwe anadula kale. Kope lina likhale kwa inu. Mawu apakamwa sapita patali pa nkhani ngati izi.

Akakana kapena akangokhala chete, pitani ku ofesi ya leba ya boma la Blantyre. Mkulu wa leba amaitanitsa mbali zonse ziwiri kuti zikambirane, ndipo nkhani zambiri zimathera pomwepo. Zikakanika, mlandu umapita ku khoti la milandu ya za ntchito la Industrial Relations Court, lomwe lili mumzinda momwe muno, ndipo mukhoza kudziyankhulira nokha popanda loya.

Mantha a kuchotsedwa ntchito ndikuwamvetsa. Koma lamulo lomwelo la 2000 limanena poyera kuti kudandaula za abwana ophwanya malamulo si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Akakuchotsani, kadandauleni ku leba miyezi 3 isanathe. Ngati anzanu nawonso akudulidwa, sainirani kalatayo limodzi.