Kwa achimwene ofuna kuyamba kuwedza pa kayaki

Achimwene, mwafunsa ngati mugule kayaki (kabwato kopalasa ndi nkhafi) yolowa m'kati kapena yokhala pamwamba yoti muziwedzera panyanja. Ine ndikuti tengani yokhala pamwamba. Ili ndi timabowo pansi, ndiye funde likakhuthukiramo madzi amatuluka okha, ndipo ikatembenuzika mumangoigadabuza n'kukweranso. Yolowa m'kati ija ikadzaza madzi muli kutali ndi gombe, kukapa kwake n'kovuta kwambiri.

Ikhale yotalika mamita 3 ndi theka kapena 4, m'lifupi masentimita 80 kapena kupitirirako pang'ono. Yaifupi imagwedeza mphuno uku ndi uku mukamapalasa, mumatopa msanga. Onaninso kulemera kumene opanga analemba kuti ingasenze. Inu pamodzi ndi katundu wanu musapitirire magawo atatu mwa anayi a kulemerako.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: tsiku loyamba mbedza isiyeni kunyumba. Valani jekete yoyandamitsa, muimange bwino, tengani mnzanu, mupite pafupi ndi gombe pomwe mapazi sakugunda pansi. Itembenuzeni dala kayakiyo. Mukaibweza, gwirani mbali yake, miyendo iyandame kumbuyo ngati mukusambira, kenaka ponyani miyendo mwamphamvu mpaka mimba igone pampando. Mukatero tembenukani, khalani pansi, miyendo ilowe pomaliza. Bwerezani mpaka thupi lizolowere, chifukwa tsiku lodzagwa mosayembekezera mudzakhala mutatopa, madzi ali ozizira, zingwe zitakukolani. Jeketeyo musamaiike kumbuyo kwa mpando ayi, muli m'madzi simungathe kuivala.

Mphepo ndiyo imavutitsa kuposa china chilichonse. Popita palasani moyang'anizana nayo kuti pobwerera, mphamvu zitachepa, izikukankhani. Muope makamaka yochokera kumtunda. Pagombe madzi amaoneka bata, koma mukamamanga mbedza maso ali pamwendo imakukankhirani pakati pang'onopang'ono, podzadzutsa mutu mitengo ikuoneka ting'onoting'ono. Mukamva bingu tulukani m'madzi, ndipo mudikire mphindi 30 chilekere kugunda.

Nangula musamangirire m'mbali mwa kayaki. Chingwe chake chizichokera kumphuno kapena kumbuyo, apo ayi funde likubwera chammbali likugwetsani. Mpeni ukhale pajekete, woti nangula akakodwa m'miyala mudule chingwe. Nkhafi muimangirire ndi kachingwe, poti nsomba ikadya nyambo mudzaiponya nkhafiyo osaganiza.

Ndodo yowedzera ya mamita 2 ndi yokwanira, imakulolani kudutsitsa chingwe kutsogolo kwa mphuno nsomba ikathawira mbali inayo. Yambani ndi imodzi yokha. Poitulutsa nsomba musaweramire kunja. Mutu wanu ukhale pakati pa kayaki, nsombayo muikokere pafupi n'kuitenga ndi kaukonde ka chogwirira. Ambiri amagwera pamenepa, diso lili pansomba.

Ubwino wa kayaki ndi woti siichita phokoso ndipo imafika posaya pomwe boti la injini silingalowe. Yesani m'mphepete mwa bango, pamiyala, polowera mtsinje, ndi pomwe pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Musagogode nkhafi pakayaki, phokoso limayenda kutali m'madzi. Foni muiike m'kathumba kosalowa madzi, ndipo musananyamuke uzani munthu kumene mukupita ndi nthawi yobwerera.