Aconcagua m'masabata awiri? Yankho langa kwa achimwene a ku Johannesburg

Ndalandira imelo kuchokera kwa owerenga athu ena amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Akuti anakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje, pa Sapitwa anapondapo kale, ndipo chaka chatha anakwera Kilimanjaro mpaka pansonga pa Uhuru, vuto linali mutu wokha umene unawasautsa usiku womaliza. Tsopano mtima wawo uli pa Aconcagua, phiri la ku Argentina. Chowapinga n'chakuti kuntchito awapatsa tchuthi cha masabata awiri okha. Apeza kampani ina pa intaneti imene ikulonjeza kufikitsa anthu pamwamba m'masiku 12, ndiye akufunsa kuti: "Ndilipire kodi? Thupi langa n'lolimba, ndimathamanga m'mawa uliwonse, komanso ndamva kuti Aconcagua ndi Kilimanjaro wokulirapo basi."

Achimwene, ndalamazo zigwireni kaye. Kuti phirilo mungalikwere sindikukayika, koma osati m'masabata awiri. Ndifotokoza chifukwa chake mofatsa, pakuti pankhaniyi pali moyo wanu.

Amene anakuuzani za Kilimanjaro wokulirapo sananame kwenikweni. Njira imene ambiri amadzera, ya m'chigwa cha Horcones, safuna chingwe kapena luso lokwera matanthwe. Munthu amangoyenda ndi miyendo yake kuyambira pachipata cha paki, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,950, mpaka pansonga pa mamita 6,961. Kunja kwa Asia kulibe phiri lina lalitali kuposa limeneli. Koma taganizirani za malo ogona. Pa Kilimanjaro, msasa womaliza, kaya ndi Barafu kaya ndi Kibo, uli cha pa mamita 4,700. Munanyamuka pakati pa usiku, m'mawa n'kufika pa 5,895, n'kutsika tsiku lomwelo thupi lisanazindikire bwino chimene lakumana nacho. Pa Aconcagua, msasa waukulu wa Plaza de Mulas uli kale pa mamita 4,300 ndi kanthu, ndipo pamenepo m'pongoyambira. Mukachokapo mukagona ku msasa wa Canadá cha pa 5,000, kenako ku Nido de Cóndores cha pa 5,500, kenako ku Cólera kapena ku Berlín pafupi ndi 6,000. Ndiye kuti usiku womaliza mudzayala chogonera chanu pamalo okwera kuposa nsonga ya Kilimanjaro, ndipo kutacha mudzafunika kukweranso mamita ena 1,000. Pansongapo, mpweya umene mumakoka umakhala ndi okosijeni wongokwana pafupifupi magawo 40 pa 100 a amene munthu amapeza m'mbali mwa nyanja yamchere.

Kuthamanga kwanu kwa m'mawa kudzakuthandizani kusenza chikwama, koma sikufulumizitsa magazi. Thupi limazolowera mpweya wochepa pang'onopang'ono: limayamba kupuma mozama, impso zimasintha kagwiridwe kake ka ntchito, maselo ofiira amachuluka, ndipo zonsezi zimafuna masiku. Madokotala a zam'mapiri amalangiza kuti munthu akadutsa mamita 3,000, malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi, ndipo pakapita masiku atatu kapena anayi azipumula tsiku lathunthu. Anyamata amphamvu ndiwo amavulala kawirikawiri, chifukwa miyendo imawalola kukwera msanga kuposa mmene mapapo angapirire. Edward FitzGerald, amene anatsogolera gulu loyamba kugonjetsa phirili, sanali mlendo m'mapiri, anali atakwera kale mapiri a Alps ku Ulaya ndi a ku New Zealand. Anayesa mobwerezabwereza koma matenda a pamtunda ankamubweza. Amene anafika pamwamba pa 14 Januwale 1897 anali Matthias Zurbriggen, womutsogolera wa ku Switzerland, ndipo anafikapo yekhayekha.

Maulendo a masiku 12 alipodi, si chinyengo ayi. Koma kawirikawiri anakonzera anthu amene abwera atazolowera kale, mwina angotsika kumene m'phiri lina lalitali, kapena agona masabata angapo kunyumba m'tenti yapadera yochepetsa okosijeni. Ambiri amalipiranso helikopita ndi onyamula katundu kuti adule masiku. Kukhala kwanu ku Johannesburg, pa mamita pafupifupi 1,750, kukupatsani kamwayi pang'ono, koma sikulowa m'malo mwa zimenezi. Komanso muwerenge bwino: m'masiku anu 14 muchotsemo a pandege popita ndi pobwera, muchotsenso tsiku la mumzinda wa Mendoza, kumene ulendo umayambira, lokonza chilolezo cha paki ndi kuona zida. Otsalawo sakwana n'komwe 12. Ulendo wabwinobwino umatenga masiku 18 mpaka 20.

Masiku amenewa sapita pachabe. Tsiku loyamba mumayenda maola ochepa kukafika ku msasa wa Confluencia, cha pa 3,400. Mawa lake mumapita ku Plaza Francia kukaona khoma la kum'mwera kwa phirilo, thanthwe ndi ayezi zotalika pafupifupi mamita 3,000, n'kubwerera kukagona kumunsi. Kenako pamabwera tsiku lalitali la Playa Ancha, chigwa chotakasuka cha miyala ndi fumbi chopanda mtengo ngakhale umodzi, maola 7 kapena 9 padzuwa, nyulu zikukupitirirani ndi zikwama zanu, oziweta ali pamsana akuziimbira mluzu. Nyulu zimathera ku Plaza de Mulas. Kuchokera apo katundu ndi wanu. Mumakweza chakudya ndi gasi ku msasa wapamwamba, n'kutsika kudzagona, kupumula, kenako n'kusamuka ndi tenti. Phirilo mumalikwera pafupifupi kawiri, ndipo kukwera n'kutsika kumeneku ndiko kumaphunzitsa thupi. Onyamula katundu alipo, koma amalipiridwa padera pa mtolo uliwonse, ndipo si otchipa. Musayembekeze zija za ku Tanzania zofika pamsasa tenti itaimikidwa kale, tiyi ali pamoto.

Tsopano za kuuma kwa dzikolo, chinthu chimene inu okulira ku Mulanje chidzakudzidzimutsani kwambiri. Kwathu mukatopa panjira ya ku Chisepo mumangowerama pamtsinje n'kumwa. Kumeneko kulibe zimenezo. Mapiri a m'chigawo cha Mendoza ndi chipululu, mvula ndi yosowa, mpweya ndi wouma gwa. Mpweya uliwonse umene mukutulutsa ukutenga madzi a m'thupi, ndipo pamtunda wotere mumapuma mofulumira usana ndi usiku. Milomo imang'ambika, m'mphuno mumatuluka magazi, pakhosi pamakhala kachifuwa kouma kosatha. Choipa n'chakuti m'chisanu ludzu silimveka. Otsogolera amakakamiza aliyense kumwa malita 4 kapena 5 patsiku, ndipo amakuuzani kuti muziyang'ana mkodzo wanu: ukakhala wachikasu chakuda, mwatsalira.

M'misasa yam'munsi madzi amapezeka. Pamwamba, dontho lililonse limachokera m'chipale chofewa, ndipo ntchito yake siichepa. Ku Nido de Cóndores mumatenga thumba n'kupita kutali ndi matenti, kumene anthu sanadetseko, kukafukula chipale choyera. Mamita 100 okha ndi thumbalo pamsana, mumaima kangapo kuti mupume. Mukabwerera mumakhala pakhomo pa tenti, sitovu ili pakati pa miyendo, mukuitchinga ku mphepo ndi thupi lanu. Poto wodzaza chipale amasungunuka n'kutsala timadzi ta pansi pokha, ngati mmene nkhwani wodzaza mphika amatsalira pang'ono akafwa. Mumawonjezera, n'kuwonjezeranso. Kuti anthu awiri apeze madzi akumwa, ophikira ndi a mawa, maola awiri kapena atatu atha. Mabotolowo mumagona nawo m'chogonera, apo ayi kukacha ali miyala. Ine ndimaona kuti ambiri amene amalephera phirili amayamba kulepherera pa sitovu pamenepa. Munthu watopa, mutu ukuwawa, akuti ndisungunula mawa. Mawa lake mutu wawirikiza, chakudya sichikulowa, ndipo ulendo wathera pomwepo.

Chachiwiri ndi mphepo. Aconcagua inatalika kuposa mapiri onse oizungulira, ndiye mphepo yochokera ku nyanja ya Pacific imaiwomba popanda choitchinga. Anthu akumeneko amaitcha viento blanco ikabwera ndi chipale. Mukaona kamtambo kosalala katavundikira nsonga ngati bowa, ngakhale kumwamba konse kuli mbee, dziwani kuti pamwambapo sipopitika. Kuzizira kumatsika mpaka madigiri 20 kapena 30 pansi pa ziro, ndipo mphepo ikawonjezerapo, zala zimauma m'kanthawi kochepa. Mphepo yotere ingathe kukhala masiku atatu kapena anayi. Ulendo wa masiku 18 mpaka 20 umakhala ndi masiku awiri kapena atatu ongodikirira nyengo. Wa masiku 12 kawirikawiri ulibe malo okwanira otere. Apa ndi pamene pandidetsa nkhawa kwambiri za inu, achimwene: munthu amene walipira ndalama zambiri, ndege yake ikunyamuka Loweruka, Lolemba akufunika kuntchito, amadzinyenga kuti mphepoyo si yoopsa kwenikweni. Kuchepa kwa masiku kumamupangitsa kusankha zimene sakanasankha akanakhala ndi nthawi.

Tsiku lopita pansonga limayamba kusanache. Mumadutsa kanyumba kakang'ono kophwasuka ka Independencia cha pa 6,400, n'kulowa m'njira yodula phiri chopingasa kumene mphepo imakumenyani molunjika. Kenako mumapuma pansi pa thanthwe la La Cueva, n'kuyang'ana kumwamba ku Canaleta, ngalande yotsetsereka ya miyala yoyoyoka, mamita 300 omaliza. Pamapu ndi kamtunda kochepa. Pansi pamenepo, phazi limodzi limafuna kupuma katatu kapena kanayi, mwala umene mwapondapo umatsetsereka n'kukubwezani theka la sitepe, ndipo maola awiri kapena atatu amatha mtanda wa pansonga usanaoneke. Kukagwa chipale mumafunika ma crampons, zitsulo zaminga zomangirira kunsi kwa jombo, ndipo ndi bwino kuphunzira kuyenda nazo musanafike kumeneko. Mugwirizane ndi wotsogolera wanu ola lobwerera, mukadali m'tenti mutu ukugwira bwino, ndipo likakwana mutembenuke ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Ngozi zambiri zimachitika potsika, munthu atatheratu mphamvu, mdima ukugwa.

Matenda a pamtunda muwadziwe ndi mtima wonse. Mutu, nseru ndi kusowa tulo zimagwira pafupifupi aliyense, ndipo lamulo lake n'lakuti musakwerenso mpaka zitatha. Zoopsa ndi ziwiri. Madzi akayamba kudzaza m'mapapo, munthu amabanika ngakhale atangokhala pansi, pachifuwa pamamveka kofokofo, nthawi zina amalavula thovu losakanikira magazi. Ubongo ukayamba kutupa, amadzandira poyenda, amayankha zosagwirizana, amangofuna kugona. Mankhwala ake enieni ndi kutsika, nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Wodwalayo kawirikawiri amakana kuti sakudwala, n'chifukwa chake mnzanu wa m'tenti ayenera kukhala munthu amene mungamumvere. Ku Confluencia ndi ku Plaza de Mulas kuli madokotala a paki amene amayeza okosijeni wa m'magazi ndi BP, namvetsera pachifuwa. Akakuuzani kuti mudikire kapena mutsike, musakangane nawo. Za mapiritsi a Diamox mukambirane ndi dokotala wanu musananyamuke; amathandiza thupi kuzolowera, koma sagula masiku amene mwadumpha.

Pali china chimene makampani ambiri sadzakufunsani koma chimatikhudza ife a ku Africa kuno. Ambiri mwa ife tili ndi kachibadwa ka sickle cell m'magazi osadziwa, chifukwa sitidwala nako. Pamalo a okosijeni wochepa, makamaka thupi likauma madzi, kachibadwa kameneka kangatseke mitsempha ya kapamba n'kubweretsa ululu woopsa kumanzere kwa mimba. Kupambana kwanu pa Kilimanjaro ndi chizindikiro chabwino, koma kumeneko munakhala pamwamba maola ochepa chabe. Kayezetseni magazi, si zodula.

Za zida ndingonena mwachidule. Jombo ziwiri zolowetsana, jekete ya nthenga, magolovesi akuluakulu ophimba zala zonse pamodzi ndi chogonera cha chisanu choopsa mungabwereke ku Mendoza, palibe chifukwa chogulira zonse. Magalasi a dzuwa abwino okha ndiwo mugule anu, pakuti kuwala kwa pamenepo kumapsereza maso. Chilolezo cha paki n'cholipira, ndipo mtengo wake umasinthasintha. Inshuwalansi yanu iyenera kunena momveka kuti ikukuphimbani mpaka mamita 7,000 ndiponso kuti ilipira helikopita. Paki imakupatsani matumba a zinyalala, ndipo pamwamba pa Plaza de Mulas ngakhale chimbudzi chanu mumatsika nacho m'thumba, chifukwa m'dothi louma ndi lozizira chonchija palibe chimene chimaola.

Ndiye muchite chiyani? Nyengo yokwera phirili ndi kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka cha mu Febuluwale, ndipo izi zikugwirizana ndi nthawi imene makampani ambiri ku South Africa amatseka pa Khirisimasi. Kambiranani ndi abwana anu kuti mulumikize masabata awiri aja ndi masiku otsekawo, mupeze masabata atatu ndi theka. Zikakanika chaka chino, masabata awiriwo musawataye. Paki imaperekanso chilolezo chongoyenda mpaka ku Plaza de Mulas, ndipo pafupi pomwepo pali phiri la Cerro Bonete, la mamita pafupifupi 5,000, kumene mungaone njira yonse ndi maso anu. Kapena pitani ku mapiri a Cordón del Plata, kufupi ndi Mendoza, mukagone m'tenti pamtunda, musungunule chipale nokha, muone mmene thupi lanu likuchitira.

Kampani ija muilembere, muifunse mafunso atatu: mugona masiku angati ku Plaza de Mulas musanasamukire pamwamba, masiku odikirira nyengo ndi angati, ndipo tsiku lopita pansonga wotsogolera mmodzi amayang'anira anthu angati. Lachitatuli n'lofunika chifukwa wina akadwala panjira, wotsogolera amatsika naye, ndipo ngati palibe wachiwiri gulu lonse limabwerera. Akakuyankhani munditumizire, tidzaone limodzi.