Za Maharaja wa ku Jodhpur uja mwafunsa

Achimwene, mwafunsa kuti kodi ku India mafumu adakalipobe, poti mwaona pa TV bambo wina akutchulidwa kuti Maharaja wa Jodhpur. Ameneyo ndi Gaj Singh, wa mtundu wa a Rajput, mfunda wake Rathore, kwawo ku Rajasthan. Mwalamulo si mfumu ayi, boma la Indira Gandhi linathetsa maufumu onsewa mu 1971 ndipo ndalama zomwe ankalandira chaka ndi chaka zinaimitsidwa pompo. Koma anthu a ku Jodhpur mpaka lero amawatchula kuti Bapji, ngati kunena kuti abambo athu.

Ine nkhani yawo imandikhudza kwabasi. Anabadwa mu 1948, bambo awo Hanwant Singh anamwalira pangozi ya ndege mu January 1952, ndiye kamwana ka zaka 4 anakakhazika pampando wa ufumu, mayi awo Krishna Kumari ndi omwe ankayendetsa zonse. Anakaphunzira ku England, pasukulu ya Eton kenako ku yunivesite ya Oxford, pobwera kumudzi sipanapite nthawi, ali ndi zaka 23, ufumu watha, atsala ndi zinyumba zikuluzikulu zofuna ndalama zankhaninkhani koma thumba lauma.

Tangoganizani, linga la Mehrangarh lomwe Rao Jodha, mfumu yomwe inakhazikitsa mzinda wa Jodhpur, anayamba kumanga mu 1459 pamwamba pa thanthwe linali litadzadza mileme, moti kandalama komwe linkabweretsa kanali kogulitsa ndowe za milemeyo ngati manyowa. Mu 1972 Gaj Singh anakhazikitsa bungwe losamalira lingali nkulisandutsa myuziyamu, pano alendo amachita kuthithikana. Umaid Bhawan nayo, chinyumba cha zipinda 347 chomwe agogo awo anamangitsa kuyambira 1929 mpaka 1943 kuti anthu apeze ganyu nthawi ya chilala, mbali ina ndi hotela, banja limakhala mbali inayo.

Anagwirakonso ntchito ya boma ngati kazembe wa India ku Trinidad and Tobago, anakhalaponso phungu. Koma chomwe ine ndimawalemekezera ndi cha mwana wawo Shivraj, anavulala mutu koopsa posewera polo, mpira wa pa akavalo uja, mu 2005, ndiye bambowa ataona mmene anthu ovulala mutu amavutikira kupeza chithandizo ku India anayambitsa Indian Head Injury Foundation. Amathandizanso pa nkhani ya madzi akumwa m'midzi ya m'chipululu cha Thar, komwe amayi amayenda mtunda wautali mtsuko uli pamutu.