Galimoto yawonongeka poyezedwa utsi: musathamangire kuikonzetsa

Bambo, mwalemba kuti mumakhala ku England, ndipo munapita ndi galimoto yanu ya dizilo ya 2012 kukayezetsa MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Muli pamalo odikirira munamva injini ikulira mwamphamvu kangapo ngati ikufuna kuphulika, kenako anakuuzani kuti galimotoyo yalephera chifukwa cha utsi, ndipo pobwerera kunyumba inayamba kugogoda mpaka kuzima panjira. Mwini galaja akukana mlandu, akukulozerani chikwangwani chapakhoma chonena kuti iwo sakhudzidwa ndi chilichonse chowonongeka poyeza, pomwe alamu anu, amene mukuti amadziwako za injini, akufuna kuitsegula Loweruka likubwerali. Mukufunsa ngati bungwe la boma la DVSA, limene limayang'anira ntchito ya MOT, lingakakamize a galajawo kukulipirani. Silingatero, ndipo alamu anuwo muwapemphe mwaulemu kuti asamasule ngakhale bawuti imodzi, chifukwa mlandu wanu wonse uli mkati mwa injiniyo momwe ilili lero.

Ndiyambe ndi phokoso limene munamva, popeza ndi limene lakukwiyitsani kwambiri. Kuponda mafuta mpaka pansi si kusasamala ayi, ndi momwe utsi wa dizilo umayezedwera. Woyeza amalowetsa kachipangizo mu paipi yotulutsa utsi, n'kuponda mafuta kuti injini ifike pa liwiro lapamwamba limene inapangidwira, ndipo ngati galimoto sinapambane ulendo woyamba, malamulo amamulola kubwereza mpaka kasanu ndi kamodzi. Kuyambira pa 20 May 2018 malamulo anakhwima, moti galimoto yokhala ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, ngati mmene zambiri za chaka cha yanuyo zilili, imalephera ikangotulutsa utsi wooneka ndi maso wa mtundu uliwonse. Choncho mukakaimirira pamaso pa woweruza n'kunena kuti anaiponda kwambiri, a galaja adzangotsegula buku la malangizo a boma n'kuonetsa kuti anachita zimene analamulidwa. Pamene angakodwe ndi pa zimene amayenera kuchita asanaponde. Woyeza ayenera kuona kuti oyilo ndi wokwanira, kuti injini yatentha mokwanira, kuti siikumveka phokoso lachilendo, ndipo ali ndi mphamvu yokana kuyeza ngati akuona kuti kuyezako kungawononge injini. Funso la mlandu wanu ndi lakuti kodi anachita zimenezi, komanso kodi n'chiyani chinathyoka mkatimo ndipo chinathyoka chifukwa chiyani.

Anthu ambiri amasokoneza njira ziwiri zimene sizikumana. Yoyamba ndi apilo ya ku DVSA, imene ntchito yake ndi kuona ngati zotsatira za kuyeza zinali zolondola. Mumadzaza fomu ya VT17 n'kuitumiza pasanathe masiku 14 ogwira ntchito kuchokera tsiku limene galimoto inayezedwa, ndipo akaganiza zoiyezanso mumalipiranso ndalama yonse ya MOT, imene pa galimoto wamba siyenera kupitirira £54.85, ndipo ikhoza kubwezedwa apilo ikakukomerani. DVSA ikhoza kulanga woyeza kapena galaja, koma sikutolerani ndalama za injini. Njira yachiwiri ndi yanu nokha, yofuna chipukuta misozi kwa mwini galaja, poyamba mwa kalata ndipo zikakanika ku khoti. Pa nkhani yanu apilo ikhoza kukhala yopanda mphamvu kwenikweni, chifukwa injini yakufa singayezedwenso utsi, komabe ndikanakhala inu ndikanatumiza dandaulolo masiku 14 asanathe, ndikufotokoza momwe woyeza anachitira, kuti pakhale cholembedwa cha tsiku loyambirira chosonyeza kuti simunayambe kudandaula mutaona mtengo wa injini ina.

Njira ziwirizi zimagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, ndipo n'chimene ndaona chikugwetsa milandu imene ikanatha kuyenda bwino. Zonse zimafuna kuti galimoto ikhale momwe inalili. Malangizo a DVSA amanena poyera kuti musakonzetse galimoto mpaka apilo itatha. Ku khoti kulibe lamulo lolembedwa m'mawu omwewo, koma zotsatira zake n'zofanana. Zimayenda chonchi. Munthu ali ndi ntchito yoti apiteko, ana oti awaperekeze kusukulu, ndipo wamva kuti akakonzetsa msanga n'kubwerera nayo pasanathe masiku 10 ogwira ntchito adzayezetsanso motchipa kapena mwaulere. Amaitana makaniko wodziwana naye, injini imatsegulidwa, oyilo amakhuthulidwa n'kutayidwa, lamba woduka wa m'injini wotchedwa timing belt amaponyedwa m'bini pamodzi ndi zitsulo zopindika, ndipo pakatha milungu itatu galimoto ikuyenda. Ndiye munthu uja amabwera kwa loya ndi lisiti m'manja kuti asumire galaja. Loya akamufunsa kuti zitsulo zakale zili kuti, amayankha kuti makaniko anati zinathyoka chifukwa cha kupondedwa. Ameneyo si umboni. A galaja adzanena, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka, kuti sanapatsidwe mpata woona chowonongekacho, kuti lamba anali atatha kale, kuti oyilo anali wochepa kuyambira kunyumba, kapena kuti amene anatsegulayo ndiye anawonjezera vuto. Woweruza sangasankhe pakati pa nkhani ziwirizi popanda chinthu chogwirika, ndipo pamene sangasankhe, wodandaula ndiye amabwerera chimanjamanja.

Alamu anu akhoza kukhala makaniko waluso kuposa onse a m'tauni yanu, koma pa mlandu uwu ali ndi zilema ziwiri: ndi m'bale wanu, ndipo akangotsegula adzakhala munthu womaliza kugwira injiniyo. Ndatopa nako kumva achibale akunena kuti tingoona chabe, titsekanso. Injini yotsegulidwa sibwerera kukhala yosatsegulidwa, ndipo loya wa kampani ya inshulansi ya galajayo adzakondwera kwambiri kumva kuti inasuzumiridwa Loweruka pakhomo popanda wina woonerera. Chofunika ndi injiniya wa magalimoto woima payekha, wosadziwana ndi inu kapena galaja, amene adzalemba lipoti lonena chimene chinawonongeka, chimene chinachititsa, ndiponso ngati woyeza wosamala akanatha kuona chizindikiro asanaponde mafuta. Musanamuitane, lemberani a galaja kuwauza tsiku, nthawi ndi malo, n'kuwapempha kuti abwere kapena atumize katswiri wawo. Akakana kubwera, kalata imeneyo idzawatseka pakamwa akadzafuna kunena kuti munawabisira. Zitsulo zonse zochotsedwa zisungidwe m'bokosi, oyilo pang'ono asungidwe m'botolo loyera, ndipo chilichonse chijambulidwe chisanasunthidwe.

Izi sizikutanthauza kuti galimoto ikhale pakhomo miyezi isanu ndi umodzi inu mukubwereka ina n'kumawerengera kuti galaja idzalipira zonse. Lamulo limayembekezera kuti wolakwiridwa achepetse kutaya kwake, choncho kuyendera kwa katswiri kuchitike m'masiku ochepa, ndipo lipoti likatuluka, a galaja atapatsidwa mpata wawo, mukhoza kukonzetsa. Dongosolo lake ndi limenelo, umboni poyamba, kukonza pambuyo, ndipo kulitembenuza n'kumene kumapha mlandu.

Za chikwangwani chapakhoma zisakutayitseni nthawi. Pansi pa gawo 49 la Consumer Rights Act 2015, aliyense wochita malonda amene akugwirira ntchito kasitomala ayenera kuigwira mosamala ndi mwaluso woyenera, ndipo gawo 57 la lamulo lomwelo silimulola kuthawa udindo umenewu polemba mawu pakhoma kapena kuseli kwa lisiti. Zimandidabwitsa kuti magalaja akupitirizabe kukhoma zikwangwani zotere, koma zimagwira ntchito chifukwa anthu ambiri akaziwerenga amangotembenuka n'kumapita. Palinso mfundo yakale ya malamulo a ku England yonena kuti munthu akalandira katundu wanu kuti amusunge kapena amugwirire ntchito, katunduyo n'kuwonongeka ali m'manja mwake, iyeyo ndiye ayenera kusonyeza kuti sanachite mosasamala. Mfundoyi ikhoza kukuthandizani, koma musaidalire mopitirira, chifukwa galimoto yanu inatuluka pagalaja ikuyenda yokha n'kukazima panjira, ndipo adzanena kuti inawonongekera m'manja mwanu. Apanso ndi lipoti la katswiri lokha limene lingalumikize kuzima kwa panjira ndi zimene zinachitika mphindi zingapo m'mbuyo mwake.

Sindikulonjezani kuti mupambana. Ngati katswiri apeza kuti timing belt inapitirira nthawi yake yosinthira, kapena kuti galimoto yakhala zaka popanda sevisi, mlandu wanu udzafooka kwambiri, chifukwa malangizo a boma kwa eni magalimoto a dizilo amanena kuti lamba ameneyu azisinthidwa pa nthawi yake, ndiponso kuti mwini galimoto auze woyeza asanayambe ngati akuopa kuti injini ingawonongeke. Ngati apeza kuti injini inapondedwa ili yozizira, kapena oyilo ali pansi moonekeratu, kapena kuti inapondedwa nthawi yaitali kuposa mmene kuyeza kumafunira, muli ndi poimira pabwino. Nthawi zambiri zoona zimakhala pakati, injini yotopa kale imene inakankhidwa ndi munthu amene sanayang'ane bwino, ndipo pamenepo nkhani imakonda kutha ndi kugawana mtengo. Dziwaninso kuti ngakhale mutapambana, khoti silikonda kupatsa munthu injini yatsopano m'malo mwa yakale imene inayenda mtunda wautali. Ngati kukonza kukuposa mtengo wa galimotoyo pamsika, zimene mungalandire zikhoza kungolekezera pa mtengo wa galimoto momwe inalili m'mawa wa tsiku limenelo.

Zotsalazo n'zachangu. Lero lomwe lembani zonse zimene mukukumbukira, nthawi imene munafika, ngati injini inali yotentha, ngati anakufunsani za sevisi kapena za lamba, kangati munamva ikupondedwa, ndi mtunda umene munayenda isanazime. Sungani pepala la VT30 losonyeza kuti galimoto yalephera MOT, ndipo pemphani pepala losindikizidwa ndi makina oyezera utsi, limene limaonetsa kuti anayesa kangati. Tumizani imelo kwa a galaja yowapempha kuti asafufute zithunzi za makamera awo za tsiku limenelo, chifukwa makina ambiri amafufuta okha pakapita masabata ochepa, ndipo muwafunse dzina la kampani yawo ya inshulansi. Sonkhanitsani malisiti onse a sevisi, lisiti la galimoto yokoka imene inakunyamulani panjira, ndi la mayendedwe amene mukulipira panopa. Mbiri ya MOT ya galimoto yanu ili pa intaneti pa tsamba la boma, ndipo ngati zaka zapitazi inkapambana utsi popanda chenjezo, isindikizeni. Onaninso mapepala a inshulansi yanu, chifukwa ena amalipira kale thandizo la zamalamulo osadziwa. Zokambirana zapafoni muzizitsatira ndi uthenga wolembedwa, ndipo musanyoze galajayo pa Facebook nkhani isanathe.

Lipoti likafika, lembani kalata yomaliza yochenjeza za khoti, yofotokoza zimene zinachitika, ndalama zimene mukufuna ndi mmene mwaziwerengera, n'kuwapatsa masiku 14 oti ayankhe. Ngati galajayo inalembetsa ku The Motor Ombudsman, bungwe lothetsa mikangano ya makasitomala ndi magalaja, mukhoza kudandaula kumeneko kwaulere musanapite ku khoti, ndipo a Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo aulere, amathandiza kukonza kalata komanso kutumiza nkhani ku Trading Standards, ofesi yoteteza ogula. Ku England ndi Wales milandu yosapitirira £10,000 imaweruzidwa ngati milandu ing'onoing'ono, kumene simufunika loya ndipo kawirikawiri simubwezeredwa ndalama za loya ngakhale mutapambana. Lipoti la katswiri limafuna chilolezo cha woweruza kuti ligwiritsidwe ntchito, choncho mulitchule pa mafomu a khoti, ndipo ndalama za katswiri zimene mungabwezeredwe sizipitirira £750. Musanaonane ndi woweruza mudzaitanidwa ku zokambirana zaulere zapafoni zoyesa kukugwirizanitsani, ndipo musazinyozere. Limitation Act 1980 imakupatsani zaka zisanu ndi chimodzi zoti musume, koma ku Scotland malire a nthawi ndi a ndalama ndi ena, choncho owerenga a kumeneko asatengere manambala awa. Pakadali pano galimotoyo isayendetsedwe pamsewu ngati MOT yakale inatha, chifukwa chindapusa chake chimafika £1,000, ndipo popita nayo kwa katswiri inyamulidwe pa galimoto yokoka, injini osailiza.