Mbale ziwiri za Eastern Sounds, mitengo iwiri

Achimwene, funso lanu lagona masiku awiri popanda woliyankha, ndiye ndati ndiponyepo mlomo. Mwati mwapeza mbale ya Eastern Sounds ya Yusef Lateef, woimba jazi wa ku America, m'masitolo awiri a pa intaneti, chikuto chimodzimodzi, nyimbo zomwezo, koma ina mtengo wake ukuposa inzake kawiri, ndipo mukukayika ngati sakufuna kukudyerani masuku pamutu. Mwafunsanso kuti mukatha iyiyi mugule iti ya jazi yosakaniza za Kum'mawa ndi za ku Africa.

Sakukuberani ayi. Kungoti mbale ziwirizo zafanana nkhope, mitima ndi yosiyana, ndipo nkhani yonse yagona pa komwe mawuwo achokera. Lateef anajambula chimbalechi pa 5 Sepitembala 1961 mu situdiyo ya Rudy Van Gelder ku Englewood Cliffs, m'chigawo cha New Jersey, ndipo chinatuluka pa Moodsville, nthambi ya kampani ya Prestige. Lero chuma chonse cha Prestige, Riverside ndi New Jazz chili m'manja mwa Concord, omwe amatulutsa nyimbo zakale pa dzina la Craft Recordings. Iwowa ndiwo ali ndi matepi oyambirira. Mu 2021 anadinda mbale 1,000 zokha za Eastern Sounds m'gulu lomwe amalitcha Small Batch, zodula moti ine ndinangoziyang'ana pachithunzi. Kenako anaitulutsanso m'gulu la Original Jazz Classics pamtengo woti munthu ukhoza kupirira. Yodulayo mwaionayo, ngati kumbuyo kwake kwalembedwa Craft kapena Concord, ndiye yochokera kwa eni tepi.

Nanga yotchipayo? Ku Ulaya, ufulu wa mwini pa mawu ojambulidwa unkatha pakapita zaka 50. Mu 2013 anawonjezera kufika zaka 70, koma sanabwezere zomwe zinali zitamasuka kale. Choncho chilichonse chomwe chinatuluka chisanafike chaka cha 1963, kampani iliyonse ya kumeneko ikhoza kuchidinda osapempha munthu. Si kuba, lamulo likuwalola. Koma tepi alibe. Amatenga mawu pa CD kapena pa fayilo ya kompyuta n'kuwathira pa mbale. Mwagula CD yovala jekete lalikulu, basi.

Ine zinandionekera. Ndinagula ina ya mtundu umenewu, yamtambo wokongola, pamwamba atamata kapepala konyadira kuti ndi magalamu 180. Kuiika pagalamafoni, nyimbo zonse zinalipo, koma ngati woimbayo ali kuseri kwa chitseko. Kulemera kwa mbale sikuwonjezera kanthu pa mawu. Kumathandiza kuti isapindike msanga, pathera pomwepo.

Pa nyimbo za mtundu uwu kusiyanako kumamveka kwambiri kuposa pa jazi ya malipenga okhaokha. Nyimbo yoyamba ya Eastern Sounds, Lateef akuimba xun, kachitoliro kadothi ka ku China kooneka ngati dzira, ka mawu ochepa kwambiri. Kukoma kwake kuli mu mpweya womwe ukutuluka m'mbali mwa milomo, ndi m'mene Ernie Farrow akudodolera nsambo za chida chotchedwa rabat chapansipansi, Barry Harris akuyenda monyang'ama pa piyano. Tinthu timeneti ndi timene timayamba kutayika mawu akadutsa m'manja ambiri. Komabe ndinene chilungamo: ngati galamafoni yanu ndi ija yonga kasutikesi yokhala ndi sipika m'kati momwemo, musataye ndalama. Gulani yotchipayo, kapena yambani mwagula singano yabwino, chifukwa singano yotha idzakukandirani mbale yodulayo mwezi usanathe.

Musanalipire, pemphani wogulitsayo chithunzi cha kumbuyo kwa chikuto, muwerenge tizilembo ta m'munsi. Akakhala ndi tepi sabisa, amalemba ndi dzina la katswiri yemwe anasema mbaleyo, monga Kevin Gray kapena Bernie Grundman. Akangoti "remastered" (kutanthauza kuti mawu anawakonzanso) osanena kuti kuchokera ku chiyani, dziwani kale yankho. Nambala ya mbaleyo muisakenso pa Discogs, tsamba la pa intaneti losunga mndandanda wa mbale.

Tsono ku funso lachiwiri, komwe kuli mtima wanga. Eastern Sounds ndi yokoma, koma Africa mulibemo kwenikweni. Munthu amene mukumufuna ndi Ahmed Abdul-Malik.

Bamboyu ankaimba besi, ndipo mu 1958 anali m'gulu la woimba piyano Thelonious Monk ku kalabu ya Five Spot mu New York. Chaka chomwecho anajambula Jazz Sahara pa Riverside. Apa anagwira oud, chida cha nsambo cha Aluya chamimba yobulungira ngati chipanda, chopanda timizere tachitsulo pakhosi. Anaitana oimba a nyimbo za Chiluya okhala mu New York momwemo, Naim Karacand pa vayolini, Jack Ghanaim pa kanun (chida cha nsambo zambiri), Mike Hamway pa kang'oma ka darabuka, n'kuwaphatikiza ndi Johnny Griffin, mnzake wa kwa Monk, pa sakisofoni. Chomwe ambiri sazindikira n'choti m'chimbale chonsecho mulibe piyano. Nyimbo za Chiluya zili ndi mawu ena okhala pakati pa mabatani awiri oyandikana a piyano, ndiye piyano ikanangosokoneza. Nyimbo zilimo zinayi zokha, zazitalizitali, zosasinthasintha makodi, ndipo Griffin, munthu wodziwika ndi liwiro, amachita kumveka kuti akufufuza pomwe aponde. Ndi pamenepo pamene ndimakonda ine. Kind of Blue ya Miles Davis, imene anthu amaitchula akamakamba za jazi yokhazikika pa mawu ochepa, inabwera chaka chotsatira.

Pambuyo pake anatulutsa East Meets West pa RCA Victor, momwe muli Lee Morgan, Curtis Fuller ndi Benny Golson, kenako The Music of Ahmed Abdul-Malik mu 1961 ndi Sounds of Africa mu 1962 pa New Jazz. Zomaliza ziwirizi zimapendekera ku highlife ya ku West Africa ndi calypso ya ku Caribbean. Mu Novembala 1961 anaimbanso ndi John Coltrane ku kalabu ya Village Vanguard. Onani zaka zake: zonsezi ndi za 1963 isanafike, ndiye msampha uja wa mbale zotchipa ulinso pompano.

Kankhani kena kapambali. Abdul-Malik ankauza anthu kuti bambo ake anachokera ku Sudan, ndipo zinalembedwa choncho kwa zaka zambiri. Katswiri wa mbiri yakale Robin Kelley atafufuza anapeza kuti anabadwira ku Brooklyn mu 1927, dzina lake linali Jonathan Tim, makolo ake anachokera pachilumba cha St. Vincent. Ena zimawakhumudwitsa. Ine sizinditengera kanthu, chifukwa oud anachita kuiphunzira molimbika kwa eni ake, ndipo khutu limavomereza. Koma musagule mbalezi poganiza kuti mukumva nyimbo za kumudzi ku Sudan. Mukumva mwana wa ku Brooklyn amene ankafuna Africa ndi mtima wonse, pa nthawi yomwe Ghana inali itangolandira ufulu mu 1957.

Mukafuna ng'oma zenizeni, pezani The African Beat ya Art Blakey, ya Blue Note 1962. Muli Solomon Ilori wa ku Nigeria, komanso Lateef ndi Abdul-Malik onse awiri alimo, ndiye mwapha mbalame ziwiri. Ina ndi Uhuru Afrika ya Randy Weston, mnzake wa Abdul-Malik kuyambira paubwana, yojambulidwa mu 1960, yokonzedwa ndi mayi Melba Liston, mawu ake analemba Langston Hughes. Boma la tsankho ku South Africa linailetsa mu 1964. Mulatu of Ethiopia ya Mulatu Astatke, yomwe Strut anaitulutsanso mu 2017, nayo ndi yabwino, ngakhale ndi ya 1972, yadutsa kale nthawi ya mbale zinazi.

Ine nditakhala inu ndi ndalama ya mbale imodzi, ndingagule Eastern Sounds ya eni tepi, Jazz Sahara n'kumaimvera kaye pa foni mpaka itapezeka yodalirika. Ndipo ngati pali wachibale akubwera kuchokera ku Joni kapena ku London, mumupemphe ainyamule m'manja, asaiponye pansi pa chikwama pamodzi ndi nsapato. Ikafika muisunge choimika, kutali ndi zenera ndi malata. Yanga ina ndinaiiwala pampando wa galimoto masana a mu Okutobala, ndinakaipeza itapindika ngati chiwaya.