Bambo akudzandira koma mphamvu ali nazo: kodi ingakhale sitiroko?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo yofunsa za bambo ake, amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Akuti tsiku lina bambowo anadzuka ndi chizungulire chachikulu, akusanza, akudzandira ngati munthu woledzera, ndipo mawu awo sankamveka bwino. Kuchipatala anauzidwa kuti ndi sitiroko, koma mayiyu akukayika chifukwa palibe mbali ya thupi imene inafa, ndipo bambowo akamugwira dzanja amafinya mwamphamvu monga kale.

Mayi, kukayika kwanu n'komveka, pakuti ambirife timangodziwa sitiroko imene imapotoza pakamwa ndi kufoola mkono ndi mwendo. Komatu mphamvu ya minofu ndi luso loyendetsa minofuyo mwadongosolo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zimachokera m'magawo osiyana a ubongo.

Chakunkhongo, pansi pa ubongo waukulu, kuli gawo limene madokotala amalitcha cerebellum. Gawoli limalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ubongo wonse, koma mkati mwake muli maselo a mitsempha oposa theka la maselo oterewa a mu ubongo. Ntchito yake ndi kuyeza ndi kukonza. Munthu akatambasula dzanja kuti atenge kapu, gawoli limafananiza pamene dzanja lafika ndi pamene limayenera kufika, n'kukonza kusiyanako mofulumira kwambiri moti mwini wake sazindikira n'komwe. Likavulala, dzanja limakhalabe lamphamvu, koma limapitirira kapuyo kapena kuperewera, ndipo limanjenjemera kwambiri likamayandikira. N'chifukwa chake dokotala amauza wodwala kuti akhudze mphuno yake, kenaka chala cha dokotalayo, mobwerezabwereza. Miyendo imatangadza poyenda, maso amagwedezeka okha, ndipo lilime limalephera kulumikiza mawu. Dokotala wa ku Ireland, Gordon Holmes, anafotokoza bwino zizindikirozi mu 1917 ataunika asilikali amene anavulala kunkhongo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Chinanso n'chakuti mbali yakumanja ya gawoli ikavulala, vuto limaonekera kumanja komweko, pamene ubongo waukulu ukavulala kumanja ziwalo zimafa kumanzere.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa nkhani ya bambo anu ndi gawo loyandikana nalo, tsinde la ubongo, limene limalumikiza ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana. Lili ndi zigawo zitatu, midbrain, pons ndi medulla, ndipo ngakhale ndi laling'ono ngati chala chachikulu cha kumanja, ndi limene limayang'anira kupuma, kugunda kwa mtima, kumeza, kutsokomola ndiponso kukhala maso. Mwa mapeyala 12 a mitsempha yotuluka mu ubongo, 10 amayambira pamenepa. Magazi amafika ku magawo awiriwa kudzera m'mitsempha iwiri yokwera m'mafupa a khosi, imene imakumana n'kupanga mtsempha umodzi wotchedwa basilar, ndipo mwa masitiroko asanu alionse obwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, pafupifupi imodzi imachitikira kumbuyo kumeneku.

Malo amenewa ndi opanikizika, ozunguliridwa ndi fupa. Cerebellum ikatupa pambuyo pa sitiroko, zimene zimachitika kawirikawiri m'masiku ochepa oyambirira, imasowa kolowera, choncho imapanikiza tsinde la ubongo ndi kutseka njira ya madzi a mu ubongo. Munthu amene dzulo amacheza bwinobwino amayamba kugona mopitirira muyeso ndi kuvuta kudzutsa, ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni yochotsa gawo la fupa kuti moyo upulumuke. Ndikukupemphani kuti mukaona tulo tachilendo, mutu ukukulirakulira kupweteka, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena kupuma kosinthasintha, muuze anamwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Zimandipweteka kuti odwala oterewa amachedwetsedwa kunyumba poganiza kuti aledzera. N'zoona kuti mowa umasokoneza gawo lomweli la cerebellum, komanso kuti chizungulire chambiri chimachokera m'kati mwa khutu ndipo sichiopsa. Koma chizungulire chadzidzidzi mwa munthu wachikulire wa kuthamanga kwa magazi kapena matenda a shuga, amene akulephera kuima yekha, n'choyenera kuthamangira nacho kuchipatala, pakuti mankhwala osungunula magazi oundana nthawi zambiri amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka. Dziwaninso kuti chithunzi cha ubongo chojambulidwa ndi makina otchedwa CT chimatha kuoneka chabwino pa maola oyamba, ndipo makina ena otchedwa MRI ndi amene amaona bwino malo a kunkhongowa.

Musawapatse bambo madzi kapena chakudya kufikira achipatala atatsimikiza kuti akumeza bwino, chifukwa kutsamwa kumalowetsa chakudya m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Akadutsa masiku oopsawa, masewera olimbitsa thupi otsogoleredwa ndi katswiri amathandiza odwala ambiri kuyambanso kuyenda okha, koma mankhwala a kuthamanga kwa magazi asadzawasiye popanda dokotala kunena.